Nthambo Zopesedwa

Sajeni anayamba kuzindikira nsapato, nkhope pambuyo. Pansi pa benchi ya anthu odikira kufunsidwa panali nsapato zakuda zantchito, imodzi yomangidwa ndi kawaya kobiriwira m'malo mwa chingwe chake. Nsapato zimenezo ankapunthwa nazo pakhomo pa nyumba yake tsiku ndi tsiku. Atakweza maso anapeza mkazi wake ali tsonga, ovolosi ili m'thupi, manja ali pamaondo.

"Mayi a mapasa! Mukutani kupolisi kuno?"

"Afunseni mabwana anu," anayankha mayiyo osamuyang'ana n'komwe.

Insipekita anamukokera Sajeni mu ofesi n'kutseka chitseko. Nkhani yake inali yotere. Mkazi wa Sajeni, amene kuntchito ankangomutchula kuti Injiniya, ndiye anapatsidwa ntchito yoyala nthambo za makompyuta pa nsanjika yapamwamba ya nyumba ina yatsopano ya maofesi. Sizinali nthambo wamba ayi, zinali za muyezo watsopano, zothamangitsa uthenga kuposa zakale. Lachisanu anaziyeza, zonse zinali bwinobwino. Lero Lolemba, pamaso pa eni nyumba, makina oyezera azikana. Manijala wa nyumbayo akuti Injiniya wazula nthambo zabwino kumapeto kwa sabata, waikamo zotchipa.

"Chitseko cha nsanjika imeneyo chimatsegulidwa ndi khadi," anatero Insipekita. "Loweruka masana chinatsegulidwa ndi khadi la akazi anu. Ndawafunsa ngati pali wina amene anagwirapo khadilo, angoti duu. Ndawafunsa komwe anali Loweruka masana, duu. Akapanda kutsegula pakamwa pofika madzulo ano, agona m'chitolokosi. Ndipo inu a Sajeni, mlandu uwu si wanu. Mwamva?"

"Ndamva, bwana."

Kumva anamvadi. Anatuluka, anavala chipewa chake, nayamba ulendo wa kunyumba ya maofesi ija.

Tinene zoona, chimene chinkamuwotcha m'chifuwa sichinali chitolokosi chokha. Chinali duu wa Loweruka uja. Chibwerereni muyezo watsopanowu, m'nyumba mwa Sajeni munalowa munthu wachitatu, Woyeza, bambo amene amayeza nthambo n'kuvomereza ngati ntchito ili bwino. Pakhomo sanapondepo, koma dzina lake silinkachoka patebulo. Woyeza akuti zakuti. Woyeza wandibwereka buku. Woyeza akuti ndili ndi manja abwino. Manja! Sajeni anamuonapo kamodzi munthuyo: wamtali, malaya ositidwa mpaka kuthwa, mafuta ake onunkhira otsalira m'chipinda mwiniwake atapita kalekale. Tsiku lomwelo Sajeni anamenya tebulo n'kulamula kuti maphunziro a madzulo amene mkazi wake ankapita kwa Woyeza athere pomwepo.

Ndiye Loweruka, mayi a mapasa atanena kuti akhala kuntchito tsiku lonse, mtima wa Sajeni unakana. Mayiyo akusamba, iye anapisa dzanja m'chikwama chake n'kutulutsa khadi lapadera, pakuti makhadi anali awiri, onse a dzina limodzi. Analipereka kwa alamu ake, achimwene a mkazi wakeyo, mmisiri wakale amene anamuphunzitsa Injiniya ntchito ya nthambo kuyambira ali mtsikana.

"Tapitani mukaone ngati mlongo wanu alikodi," anawanong'oneza.

Alamu anabwerako madzulo akumwetulira. "Ali komweko, mutu uli m'siling'i, fumbi lokhalokha. Gonani tulo, alamu."

Sajeni anabwezera khadi m'chikwama, ndipo tulo anagonadi. Koma lero? Ngati mkazi anali kuntchito, chovuta n'chiyani kunena kuti ndinali kuntchito? Munthu akakhala chete pamaso pa Insipekita ndiye kuti pali amene akumubisa, ndipo Sajeni ankamva fungo la munthu ameneyo m'mphuno mwake.

*

Manijala anali mayi wamfupi, wa nsapato zogogoda, woyankhula ngati akuthamangitsidwa ndi galu.

"Inu ndi apolisi? Zikomo, bwerani kuno, fulumirani. Eni nyumba andinyoza, mukundimva? Andinyoza pamaso pa anthu! Alendi akufuna kulowa mawa, mukundimva?"

Anamulowetsa m'kachipinda kozizira kumene nthambo zonse za nsanjikayo zinkathera. Zinkatsika kuchokera m'siling'i zili wedewede, iyi kudutsa pa inzake, iyo kukhotera uko, zongogwiridwa ndi timalamba tansalu tofewa.

"Taonani nokha! Ngati mutu wa munthu wongodzuka kumene. Lachisanu ndinamuuza ine, ndinati mayi, ntchito yanji yosawoneka bwinoyi? Mukudziwa chimene anandiyankha? Akuti nthambo zatsopano zimafuna ufulu. Ufulu! Pomwepo ndinadziwa kuti pano pali kuba."

"Munamuona akutulutsa nthambo?"

"Ndione bwanji, ine Loweruka ndimagwira ntchito? Chitseko ndicho chinamuona. Khadi ndi lake, ntchito ndi yake, kukana sakukana. Mukufunanso chiyani?"

"Lachisanu anayeza ndani?"

"Woyeza, uyo ali ukoyo. Awiriwo amagwirizana kwambiri, mwina akakuuzani zimene ine sindikudziwa."

Amagwirizana kwambiri. Sajeni anatuluka kukamufuna Woyeza.

*

Fungo linamulonjera asanafike. Woyeza anali atagwada pakhonde lamkati, makina ake ali pamwendo, ndipo atamva kuti mlendoyu ndi mwamuna wa Injiniya anadzuka n'kumugwira dzanja ndi manja onse awiri.

"Pepani kwambiri, a Sajeni, pepani zedi. Akazi anu sangabe. Ndawauza a Manijala koma sakumva. Nthambo zake ndi zomwe zija za Lachisanu, zenizeni, ndasenda zingapo kuti ndione. Taimani ndikuonetseni."

Anatola kachidutswa ka nthambo pansi n'kukasenda. Mkati munali timawaya tamitundumitundu, topotana tiwiritiwiri.

"Mwaona? Chinsinsi chonse ndi kupotanaku. Phokoso la magetsi likabwera kuchokera kunja, limamenya awiriwa mofanana, ndiye silingawasokoneze. Awiri akapotana bwino samva za kunja, a Sajeni. Akangotayana pang'ono, basi, aliyense wodutsa amalowererapo."

Sajeni anamuyang'ana diso tong'o. Kodi munthuyu akunena za mawaya, kapena akundilalatira?

"Ndiye ngati nthambo zili zabwino, makina anu akukaniranji?"

"Apo ndiye pagona nkhani! Pa liwiro lakale, nthambo iliyonse inkangosamala zake. Koma pa liwiro latsopanoli uthenga umathamanga kwambiri moti nthambo imayamba kumva zokamba za inzake yoyandikana nayo. Miseche, tinene choncho. Makina akuti pano pali miseche yoopsa, pomwe Lachisanu kunali zii. Sindikumvetsa. Akazi anu malamulo atsopanowa amawadziwa kuposa aliyense amene ndinamuphunzitsapo. Manja awo aja..."

"Manja a mkazi wanga asiyeni," anadula Sajeni. "Inuyo Loweruka masana munali kuti?"

Woyeza anasiya kumwetulira. Anayang'ana makina ake, anawapukuta ndi chala pomwe panalibe fumbi.

"Zimenezo, a Sajeni, ndi bwino akufotokozereni okha mayi."

"Ndafunsa inu."

"Ndinalonjeza."

Analonjeza! Mwamuna wina kulonjezana zinthu ndi mkazi wa mwini, n'kumanena poyera opanda manyazi. Sajeni anatembenuka msanga, chifukwa dzanja lake linali litayamba kale kudzikunga lokha.

*

Mlonda anali pageti, akumwa tiyi m'kapu yachitsulo. Anali munthu wokonda nkhani, woti ukamufunsa nthawi amayamba ndi mbiri ya wotchi.

"Loweruka? Eee, Loweruka ndinalipo ine, bwana. Ine sindijomba. Ngakhale dzino linandivuta sabata yatha, ili lakumapetoli, koma ndinabwera. Mayi a nthambo aja? Anafika m'mamawa ndi ovolosi yawo, monga mwa masiku onse. Munthu wabwino, amapereka moni. Ena amangodutsa ngati pageti pali chitsa."

"Anaweruka nthawi yanji?"

"Kuweruka? Hede! Dzuwa lisanafike n'pamutu pomwe ndinangoona atulukira, ovolosi avula. Diresi, bwana! Yabuluu, yogwira thupi bwino, tsitsi atakonza. Ndinachita kupukuta m'maso. Kenaka galimoto ya bwana wonunkhira uja inaima apa, pomwe mwaima inupo. Anatsika yekha n'kuwatsegulira chitseko. Chakutsogolo, bwana, osati chakumbuyo."

Diresi yabuluu. Sajeni anaigula yekha diresi imeneyo.

"Anabwerako?"

"Ine sindinawaonenso mpaka lero m'mawa. Amanjenjemera pokwera galimotomo, ngati munthu wopita kokachita chinthu chachikulu. Mwamuna wawo kaya ndi ndani, koma ine ndimamumvera chisoni. Amuna ena amangokhala kunyumba phee, osadziwa kanthu."

Sajeni sanatsanzike. Analunjika kumasitepe, makutu akulira.

"Bwana!" anakuwa mlonda. "Simunandifunse za amene anabwera pambuyo pake!"

Koma wapolisi wathu, katswiri wofunsa mafunso, anali atamva zomwe mtima wake unkafuna kumva.

*

Anamupeza Woyeza ali pamwamba pa makwerero, atachotsa thabwa limodzi la siling'i, thupi lonse kuyambira m'chiuno lili mkati. Kunja kunatsala miyendo yokha ndi nsapato zopukutidwa mpaka kuwala. Sajeni anagwira makwererowo ndi manja awiri. Kungowagwedeza kamodzi, kamodzi kokha, munthu akanagwa ngati thumba. Anawagwira mpaka zala zinachita dzanzi, ndipo anadziwa kuti akulakalakadi kutero.

"Mayo ine!" mawu anamveka kuchokera m'siling'imo. "Ndani ali pansipo? A Sajeni? Kwerani, kwerani muone zimenezi!"

Woyeza anatsika, kumutu kuli akangaude, n'kumupatsa tochi. Sajeni anakwera monyinyirika nalowetsa mutu.

Mkati munali motentha ndi mwafumbi. Tochi inawalitsa ngalande yachitsulo yodutsa pamwamba pa maofesi onse, ndipo m'ngalandemo munagona mtolo wa nthambo. Koma sizinali wedewede ngati za m'kachipinda kaja ayi. Izi zinali zowongoka bwino, iliyonse pambali pa inzake, popanda ndi imodzi yomwe yodutsa pa ina, kuchokera pomwe panali Sajeni mpaka komwe tochi inalekezera. Zinali zomangidwa zolimba ndi timalamba tapulasitiki, thi, thi, thi, mpaka khungu la nthambo kulowa mkati.

"Zokongola," anatero Sajeni.

"Zokongola zedi, ndipo ndi zimene zapha ntchito!" anayankha Woyeza ali pansi. "Wina wazipesa. Amisiri akale ankatero, kupesa nthambo ngati tsitsi n'kuzimanga zolimba, ndipo ankanyadira. Pa liwiro lakale zinalibe vuto. Koma muyezo watsopano umakana. Nthambo zikagona mothithikana choncho mtunda wautali, iliyonse imamva zonse za inzake. N'chifukwa chake akazi anu anazisiya momasuka. Lachisanu ndinasuzumira muno ine, sizinali chonchi."

"Ntchito imeneyi ingatenge nthawi yaitali bwanji?"

"Munthu mmodzi? Masana onse, ndipo akhale wodziwa."

Sajeni anayandikitsa tochi pa timalamba tija. Pamalo paliponse sipanali kalamba kamodzi. Tinali tiwiri, togundana, kena koyang'ana uku kena uko, michira yake yodulidwa mopendeka.

Kamangidwe kameneko ankakaona madzulo alionse akakhala pampando wake kunyumba. Waya wa wailesi yakanema wotsika pakhoma la pabalaza unamangidwa chimodzimodzi, ndipo womangayo, tsiku limenelo, anaseka n'kunena kuti kalamba kachiwiriko ndi mboni ya koyambako.

Ali komweko, mutu uli m'siling'i. Mlonda akuti mayi a mapasa anachoka dzuwa lisanafike pamutu. Nanga mutu umene unali m'siling'i masana onse a Loweruka unali wa ndani?

*

Alamu anali m'kashopu kawo kuseri kwa msewu, akukonza fani ya munthu. Kale pakhoma la shopuyo pankapachikika mikukuta ya nthambo mpaka kudenga. Tsopano panali misomali yokha, mawailesi akufa ndi ketulo yopanda chivindikiro.

"Alamu anga apolisi!" anafuula. "Lero mwabwera kudzandituma kuti? Kapena pali mwamuna winanso woti ndikamusuzumire?"

Sajeni sanaseke. Anatulutsa m'thumba timalamba tiwiri timene anadula m'siling'i muja, n'kutiika pa tebulo pakati pa masikuluu.

"Mlongo wanu ali pabenchi kupolisi. Madzulo ano alowa m'chitolokosi."

Alamu anatiyang'ana timalambato. Kenaka anapitiriza kumasula fani.

"Chabwino, ndinapesa ndine. Nanga n'kulakwa? Ndinalowa muja monga munandituma, mwana kulibe. Ndikuyang'ana ntchito, mayo! Nthambo zili balala ngati zayalidwa ndi munthu woledzera. Ndinati ayi, mwana ameneyu ndinamuphunzitsa ndine, anthu adzati ndi ntchito ya kubanja kwathu. Ndinavula jekete n'kumukonzera. Ine za malamulo atsopanowa ndizidziwira kuti? Ndine wachikale ine, alamu, anandisiya m'mbuyo."

"Munamukonzera."

"Mwaulere."

"Nanga bwanji munandiuza kuti ali komweko?"

"Ndikanati kulibe mukanamupha ndi mafunso. Ndimateteza banja lanu."

Zinali zomveka, ndipo Sajeni ankafuna kuzikhulupirira. Koma m'maso mwake munabwera kachipinda kozizira kaja, ndi Manijala akuloza.

"Alamu, munthu wochotsa manyazi amayamba kusesa pabalaza, pomwe alendo amaona. M'kachipinda momwe nthambo zimathera, momwe Manijala amalowa tsiku lililonse, simunakhudzemo. Zili wedewede mpaka lero. Inu munakapesa m'siling'i, mumdima, momwe palibe amene akanasuzumira. Munkabisira ndani kukongolako?"

Sikuludiraiva inaima.

"Ndipo musati simukuwadziwa malamulo. Tsiku lokumbukira kubadwa kwa mapasa munali kwathu. Mlongo wanu anafotokoza patebulo kuti nthambo zatsopano sazipesa, sazimanga zolimba. Inu munafunsa kawiri kuti zikapesedwa zimatani. Ndikukumbuka bwino, chifukwa poyankha anatchula Woyeza, ine chakudya n'kundikanika."

Alamu anaika sikuludiraiva pansi pang'onopang'ono. Atayankhula, nthabwala zinali zitatha m'mawu awo.

"Mwana ameneyu ndinamugwira dzanja ine, kumuonetsa kasendedwe ka nthambo. Ankandinyamulira makwerero. Makwerero, alamu! Nyumba zonse zazikulu za kuno nthambo zake ndinayala ndine, pitani mukaone, zowongoka ngati zojambula. Lero kwabwera timalamulo tatsopano, akuti manja anga ndi amene amawononga. Ndinapita kukapempha ntchito ya nsanjika ija, anandifunsa pepala la muyezo watsopano. Sabata yotsatira ndikumva apatsa mlongo wanga. Ndipo iye, m'malo moti achimwene tiyeni tigwirire limodzi, akuti achimwene mukayambe mwaphunzira. Ine! Kuphunzitsidwa ndi mwana amene ndinkamupukuta mamina!" Anapuma mwamphamvu. "Sindinafune kuti amangidwe. Ndinkafuna makina amukane basi, abwere pano adzati achimwene ndithandizeni. Kamodzi kokha."

"Nsanje, alamu. Mwamuphera ntchito mlongo wanu chifukwa cha nsanje."

Apo alamu anaseka, kuseka koipa.

"Inu ndi amene mungandiuze za nsanje? Inu? Chitseko chija ndinathyola? Khadi ndinaba ine m'chikwama? Ndimangeni, alamu, nawa manja. Koma kupolisiko akandifunsa kuti ndinalowa bwanji, ndikanena. Wapolisi kuba khadi la nyumba ya eni n'kupatsa munthu wamba kuti akazonde mkazi wake. Chipewa chimenecho mudzachivalanso?"

Sajeni anagwira chipewa chake. Fani yakufa ija inkamuyang'ana.

"Kapena tingotere," anapitiriza alamu motsitsa mawu. "Bwererani, mukati simunapeze kanthu. Nthambo ndi zenizeni, mlandu wakuba ufa wokha. Agonamo usiku umodzi kapena uwiri, ntchito amulanda, basi. Abwerera kunyumba. Woyeza sadzamuonanso. Si zimene mumafuna?"

Zinali zimene ankafuna, ndipo zimenezo ndi zomwe zinamuchititsa manyazi kwambiri. Anaona mayi a mapasa ali pakhomo tsiku lonse, ovolosi itapindidwa m'sutikesi, dzina lija litachoka patebulo. Mtima wake unati inde usanamufunse.

"Loweruka anapita kuti?" anafunsa ndi mawu osasa.

"Simukudziwabe? Kukalemba mayeso omaliza a muyezo watsopanowo. Amene munamuletsa aja. Woyeza ndi amene anamupititsa, chifukwa mwamuna wake ali ndi galimoto ya boma koma alibe mtima."

Diresi yabuluu. Kunjenjemera pokwera galimoto. Sajeni anatola timalamba tija n'kutibwezera m'thumba.

"Tsekani shopu, alamu. Tiyeni."

*

Dzuwa linali litapendeka pamene anafika kupolisi. Sajeni anawasiya alamu m'manja mwa wapolisi wa pakauntala. Mkazi wake anali pomwe paja, tsonga, ndipo ataona achimwene ake akulowa mutu uli pansi, anatseka maso kwa kanthawi.

Sajeni anakhala pambali pake. Benchi inali yaitali, koma anasiya mpata pakati pawo.

"Apesa nthambo zanu m'siling'i," anatero. "Achimwene anu. Woyeza akuti zikamasulidwa zikhalanso bwino."

"Ndinaganiza choncho makina atangokana."

"Mayeso munalemba bwanji?"

Mayiyo anatembenuka n'kumuyang'ana koyamba tsiku limenelo. "Ndinakhoza."

"Bwanji simunamuuze Insipekita kuti munali kumayeso? Mboni zinalipo. Bwenzi mutatuluka m'mawa momwe."

"Ndikanati kunalibe ine, akanafunsa kuti nanga khadi linalowa ndi ndani."

Sajeni anatsegula pakamwa.

"Mayi a mapasa, khadi lija..."

"Munalibwezera m'thumba lolakwika," anatero mayiyo mosakweza mawu. "Limakhala m'kathumba ka zipi. Ndinalipeza momwe ndimaika mankhwala a mutu. Wapolisi wamkulu ngati inu."

Sajeni anamva nkhope yake ikutentha mpaka m'makutu. Tsiku lonse wakhala akuthamanga m'masitepe, kununkhiza mafuta a mwamuna mnzake, kufunafuna munthu amene mkazi wake ankamubisa ndi duu uja. Munthuyo anali atavala chipewa cha boma, atakhala pabenchi pomwepo.

"Mukanagona m'chitolokosi chifukwa cha ine?"

"Chifukwa cha mapasa. Bambo awo akachotsedwa ntchito mwamanyazi, kusukulu anzawo aziwaseka. Inuyo ndiye ayi, musadzinamize. Inu ndakukwiyirani, ndipo sindikudziwa kuti ndidzasiya liti."

Pakauntala alamu anali atayamba kale kutchula dzina lawo kwa wolemba. Chitseko cha Insipekita chinali chotseka, koma mkati munkamveka kukhosomola. Sajeni anaimirira, anavula chipewa chake, anachiyang'ana, nachigwirira pachifuwa.

"Ndikukanena ndekha, asanandinenere."

"Mukudziwa chimene chichitike mukanena?"

"Ndikudziwa. Akutulutsani."

"Anditulutsa," anavomera mayiyo, akuwerama kumanga bwino kawaya kobiriwira ka pansapato yake. "Ndipo sindibwera kunyumba. Alendi akulowa mawa, nthambo zonse zija ziyenera kumasulidwa lero. Ndimuimbira Woyeza adzanditenge pa galimoto yake, ndikhala kutsogolo, ndipo tikagwira ntchito awiriwiri mpaka ithe." Anaweramuka n'kumuyang'ana m'maso. "Lero mutuma ndani kuti akandione?"

Nsanje siimva manyazi. Ngakhale pamenepo, chipewa chili m'manja, Sajeni anaimva ikumuluma pansi pa nthiti, pomwe paja. Anaimeza.

"Palibe," anatero.

"Tiona."

Sajeni anatembenuka n'kugogoda pachitseko cha Insipekita.